Chifundo Chofuna Luso: Mafunso ndi Mayankho pa Ntchito Yothandiza Anthu Ngozi Ikagwa

M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakhuthula mvula ya masiku angapo pa mapiri a chigawo cha kummwera, nagumula phiri la Soche kufikira matope ndi miyala zinakwirira nyumba za ku Chilobwe eni ake ali m'tulo, dziko lathu linataya anthu oposa 1,000, ena akufa ndi ena osaonekanso, ndipo oposa 650,000 anatsala opanda pogona. M'masiku a chisoni amenewo anthu ambiri a mtima wabwino, makamaka achinyamata, anadzipereka kukatumikira m'misasa, ndipo kufikira lero alipo ofunsa chimene munthu ayenera kudziwa kuti ntchito yotere aigwire moyenera. Mafunso awo tawasonkhanitsa pano, ndipo tiwayankha mosabisa mawu, pakuti nkhani ya moyo wa munthu siyenera kuikometsera.

Kodi munthu wa mtima wachifundo sali wokonzeka kale? Luso lina ndi la chiyani?

Chifundo ndicho chiyambi, ndipo wopanda chifundo asayandikire n'komwe pakhomo pa ovutika. Koma chifundo chosaphunzitsidwa chaperekeza anthu ambiri kumanda. M'mwezi wa Julaye 1994 khamu la anthu mazana a zikwi othawa ku Rwanda linakhamukira mumzinda wa Goma, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire, ndipo ngakhale mabungwe ochuluka anathamangira komweko ndi ndege zodzala katundu, kolera ndi kamwazi zinapha anthu pafupifupi 50,000 m'mwezi woyamba wokha, popeza khamu lonselo linkamwa madzi a m'nyanja ya Kivu osathira mankhwala, nthaka ya mwala inkakana khasu la okumba zimbudzi, ndipo ena mwa othandizawo sanali kudziwa kubwezera madzi m'thupi la wodwala mwa changu choyenera. Manyazi a ku Goma ndiwo anasonkhezera mabungwe othandiza pamodzi ndi a Red Cross kukhala pansi m'chaka cha 1997 ndi kuyamba kulemba miyeso yotchedwa Sphere, imene imanena mlingo wochepetsetsa wa madzi, chakudya, pogona ndi chithandizo cha mankhwala umene munthu wogweredwa ngozi ayenera kulandira monga ufulu wake.

Ngakhale Msamariya wa m'fanizo lija sanangoima m'njira ndi kugwetsa misozi. Iye anadziwa chothira pa mabala ndi mamangidwe ake, anadziwa kumene akamgoneke wovulalayo, ndipo anasiya ndalama pamodzi ndi lonjezo lakuti adzabweranso. Chifundo chinamuimitsa, koma chimene chinapulumutsa munthu uja ndi nzeru ya manja ake.

Wothandiza akafika pamalo pamene pagwa ngozi, ayambe ndi chiyani?

Ayambe ndi maso ndi makutu, manja abwere pambuyo, pakuti safunsa anadya phula. Luso loyamba ndilo kufufuza msanga ndi molondola: anthu alipo angati, agona kuti, akutunga kuti madzi, wavulala ndani, sakuoneka ndani, ndipo ndi njira iti imene ikudutsika. Mawu ongoti “anthu ndi ambiri” sadyetsa munthu. Chofunika ndicho kulemba kuti m'sukulu yakuti muli mabanja akuti, ndipo mwa iwo amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ndi akuti, ana osafika zaka zisanu akuti, okalamba ndi aulumali akuti, osaiwala iwo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya otalikitsa moyo, kaya a chifuwa chachikulu kapena a shuga, amene mabotolo ndi mabuku awo a kuchipatala anapita ndi madzi, ndipo mwina akuchita manyazi kudzitchula pagulu.

Mlendo wa mwambo amayamba wapita odi kwa amfumu, nakhala pansi, napereka moni, nafotokoza chimene wadzera. Ndipo wodumpha mwambo umenewu chifukwa cha changu amataya masiku ambiri pambuyo pake kukonza chimene anaononga m'mphindi zochepa. Koma asalekere pabwalo pokha, popeza pabwalo amamveka ndi a mawu amphamvu. Mayi sangatchule pamaso pa apongozi ake kuti alibe nsalu za kumwezi, kapena kuti amaopa kupita kuchimbudzi kukada. Zimenezi amauza mayi mnzake kuseri, ndipo n'chifukwa chake gulu la othandiza lopanda amayi limabwerera litamva theka la nkhani. Chimodzimodzinso chilankhulo: Chisena ndi Chimang'anja ku Nsanje ndi ku Chikwawa, Chilomwe ku Phalombe ndi ku Mulanje, Chiyao ku Machinga ndi ku Mangochi, Chinkhonde ku Karonga. Nkhalamba yosweka mtima imadandaula m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo gulu lanzeru limatenga mwana wa kwawo konko kuti aimvere.

Nanga pamsasa, ndi miyeso yotani imene ayenera kuidziwa pamtima?

Madzi osefukira amapha tsiku limodzi, koma madzi akumwa oipa amapha miyezi yotsatira, ndipo ife a Malawi sitifunikira wotiuza, pakuti kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo namondwe wa Freddy anaipeza isanathe. Chotero wothandiza adziwe kuti munthu aliyense afunika malita osachepera 15 patsiku a kumwa, kuphikira ndi kusamba. Kuti potunga madzi pasatalikire kuposa mamita 500. Kuti chimbudzi chimodzi chisatumikire anthu oposa 20, ngakhale m'masiku oyamba chiwerengerochi chimavuta kuchifikira. Ndi kuti dzenje la chimbudzi likumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, ndiponso kumunsi kwake, osati kumtunda. Zimbudzi za amayi zikhale padera, zokhala ndi chitseko chotsekeka ndi nyali usiku, chifukwa chimbudzi chimene anthu akuchiopa chili ngati kulibe, ndipo anthu amatembenukira kutchire.

Adziwenso kuthira kolorini m'madzi pa mlingo wake, pakuti wochepa sapha tizilombo, ndipo wochuluka amanunkha kufikira anthu amakana madziwo nabwerera kumtsinje. Adziwe kusungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino ndi kummwetsa wotsekula m'mimba pang'onopang'ono osalekeza, ngakhale akusanza, uku akumtengera kuchipatala. Ndipo azindikire maso olowa m'kati, khungu limene ukalitsina silibwerera msanga, ndi chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, popeza wodwala kolera angathe kufa m'maola owerengeka. Izi si nzeru za madokotala okha. Mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi amazidziwa, ndipo aliyense wofuna kutumikira pamsasa ayenera kuzidziwanso.

Pa chakudya, kodi si nkhani yongofikitsa matumba a chimanga?

Dziko lathu lomwe lino linayankhapo funso limeneli ndi misozi. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, Malawi analandira othawa kwawo oposa 1,000,000, ndipo m'chaka cha 1990, mtedza utaleka kufika m'chakudya chogawidwa m'misasa, anthu oposa 18,000 anagwidwa ndi nthenda yotchedwa pellagra, imene imasupula khungu pamalo owombedwa ndi dzuwa, nitsekula m'mimba, nisokonezanso mutu, ndipo imadza kwa munthu wodya chimanga chokhachokha kwa nthawi yaitali. Matumba ankafika, mimba zinkakhuta, koma matupi ankafota. N'chifukwa chake wokonza chakudya cha pamsasa amawerengera mphamvu yokwana makalori 2,100 pa munthu patsiku, naonetsetsa kuti pamodzi ndi ufa pali nyemba kapena nandolo, mafuta ophikira, mchere wa ayodini, ndi Likuni Phala wa ana ndi amayi oyembekezera. Ndipo amafunsanso kumene kuchokere nkhuni, mapoto ndi chigayo, pakuti chimanga cha maso kwa mayi amene mtondo wake unakokoloka si chakudya ayi.

Taonani mmene mlangizi wodziwa ntchito yake amayezera mwana. Amamkhazika pamiyendo pa amake, natenga kalamba ka mitundu itatu, nakakulunga pamkono wa kumanzere pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkonowo uli lende, osakoka kwambiri ndiponso osalekerera. Kakagwera pobiriwira, mwana ali bwino; kakagwera pachikasu, wayamba kunyentchera; koma kakagwera pofiira, ndiko kuti pansi pa masentimita 11.5, moyo wake uli pachiswe. Kenaka amadina ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, nawerenga mofatsa kufikira katatu, ndipo akachotsa zalazo pakatsala timaenje, amadziwa kuti kutupako n'kwa njala, ngakhale agogo ake atamayamikira kuti mdzukulu wanenepa. Mwana wotere, ngati akudya ndipo alibe nthenda ina, amachira kunyumba ndi chiponde cha kuchipatala, njira imene Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba kuiyesa, ku Blantyre ndi ku Dowa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndipo luso lina lili pa kufotokozera makolo mwaulemu kuti chipondecho ndi mankhwala a mwana mmodziyo, ngakhale abale ake akuyang'ana ndi njala.

Pali mphatso imodzi imene wothandiza ayenera kulimba mtima kuiletsa kugawidwa mwachisawawa, ndiyo mkaka wa m'chitini wa makanda, umene opereka amaupereka ndi mtima woyera, koma ukasungunulidwa ndi madzi a pamsasa m'botolo losatsukika bwino umasanduka imfa. Mayi woyamwitsa adyetsedwe, alimbikitsidwe, apatsidwe malo obisika, ndipo bere lidzachita ntchito yake.

Kodi oyendetsa galimoto, osunga nkhokwe ndi olemba mabuku nawonso ndi opulumutsa moyo?

Indetu, ndipo kawirikawiri ndiwo amene chipulumutso chimaima kapena kugwa nawo. M'Januwale 2015, pamene Shire ndi Ruo anasefukira ndipo anthu pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo, dera la Makhanga ku Nsanje linasanduka chilumba chofikako pa bwato kapena pa helikopita pokha, ndipo katundu yense wounjikidwa ku Blantyre analibe phindu kufikira atapezeka odziwa kuwerengera kulemera kwa matumba, mafuta a injini ndi maulendo a tsiku limodzi, ndi kusankha choyenera kutsogola pamene bwato silingatenge zonse. M'Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo wokonza ntchito anayenera kuganizira mmene katemera akhalire wozizira ndi mmene mafoni akhalire ndi moto.

Wosunga nkhokwe wabwino amasanja matumba pa mathabwa, osagunda khoma, natulutsa choyamba chimene chinalowa choyamba, nayang'anira anankafumbwe ndi chinyezi, ndipo thumba lililonse lolowa kapena lotuluka limasiya dzina m'buku. Kumene misika ikuyenda, nthawi zina n'kwanzeru kupereka ndalama pa foni kusiyana ndi kunyamula matumba, kuti banja ligule chimene likusowa ndipo wamalonda wa kumudzi asagwe. Koma kumene milatho yaduka ndipo mitengo ya zinthu ikukwera, ndalama sidyeka, ndipo kuzindikira kusiyana kumeneku ndi luso lalikulu.

Pogawa thandizo, munthu angapewe bwanji kukondera ndi kunyozetsa olandira?

Apa ndiye pagona mtima wa ntchito yonse. M'mwezi wa Juni 1859 munthu wa ku Geneva dzina lake Henry Dunant anaona asilikali zikwizikwi atagona ovulala pambuyo pa nkhondo ya ku Solferino, ndipo pamodzi ndi amayi a m'tauni ya Castiglione anawasamalira onse osafunsa mbali imene aliyense anamenyera. M'menemo ndimo munabadwira bungwe la Red Cross m'chaka cha 1863, ndipo mfundo zake zisanu ndi ziwiri, zimene zinalengezedwa ku Vienna mu 1965, zimaika patsogolo umunthu, kusakondera, kusatenga mbali ndi kudziimira. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti thumba silifunsa chipani, mpingo, mtundu kapena ubale, koma limatsata kuvutika kokha. Ndipo mayesero ake sabwera ndi nkhope ya mdani, koma ya malume ako, ya mkulu wa mpingo wako, kapena ya munthu wolemekezeka wopempha kuti mayina awiri okha alowe m'kaundula.

Chotchinjiriza chake ndicho kuchita zonse poyera. Mfundo zosankhira olandira zinenedwe pabwalo onse akumva, mayina awerengedwe mokweza kuti mudzi uvomereze kapena utsutse, ndipo mlingo wa banja lililonse ulengezedwe thumba lisanamasulidwe. Tsiku logawa likhale ndi polowera ndi potulukira, mthunzi ndi madzi akumwa. Agogo, oyembekezera ndi aulumali atsogole, ndipo papezeke anyamata owanyamulira, pakuti thumba la makilogalamu 50 kwa nkhalamba yoyendera ndodo limathera m'manja mwa womnyamulira amene amafuna gawo lake. Pakhalenso njira yoperekera madandaulo imene sidutsa m'manja mwa wogawayo. Ndipo wothandiza asadabwe kapena kukwiya akaona kuti thumba loperekedwa kwa banja limodzi lagawidwa pa mabanja anayi, chifukwa anthu athu amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Koma achiwerengere chimenechi pokonza ntchito yake.

Tchimo loposa onse ndilo kugulitsa thandizo ndi thupi la munthu. M'chaka cha 2002 kafukufuku wa m'misasa ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone anaulula kuti ena mwa ogwira ntchito yothandiza ankagona ndi atsikana posinthana ndi chakudya ndi malona, ndipo chaka chotsatira Kofi Annan, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa United Nations, anatulutsa lamulo loletsa mchitidwe umenewu kotheratu. Wothandiza aliyense adziwe kuti thandizo ndi laulere, kuti mwana wosafika zaka 18 sakhudzidwa mwa njira iliyonse, kuti pakati pa wogwira kaundula ndi wanjala palibe chibwenzi chaufulu, ndi kuti woona mnzake akuchita zotere nakhala chete wagawana naye mlandu. Nambala ya 116 ilipo yoimbira kwaulere pa nkhani za nkhanza kwa ana. Ngakhale chithunzi chimene, munthu asajambule mayi wolira kapena mwana wamaliseche ndi kumwaza pa Facebook popanda chilolezo, pakuti madzi atenga nyumba yake, koma ulemu wake ukadali wake.

Nanga kwa amene ataya abale, wothandiza anene chiyani? Ndipo iye mwini amadzisunga motani?

Anene zochepa. Mwambo wathu wa pamaliro unatiphunzitsa kale kuti wopepesa amafika nakhala pansi, ndipo kukhalako ndiko mawu ake. Asakakamize munthu kufotokoza zimene anaona, asamuuze kuti aiwale, asalonjeze chimene sangathe kuchita, ndipo asaname kuti wosowayo apezeka; koma amvetsere, afunse kuti, “Amayi, chikuvutitsitsani n'chiyani panopa?”, ndipo amlumikize ndi abale ake, a mpingo kapena a mzikiti wake, ndi achipatala ngati sakugona, sakudya kapena akulankhula zodzipha. Ana osochera alembedwe msanga ndi kusungidwa ndi anthu odziwika pamene makolo akufunidwa, osaperekedwa kwa aliyense wongodzitcha mbale.

Za iye mwini, adziwe kuti wopulumutsa akamira amawonjezera ntchito ya anzake. Asawoloke madzi othamanga ofika m'mawondo, asalowe m'nyumba ya makoma onyowa, avale zoteteza m'manja pogwira ovulala ndi mitembo, ndipo anzake adziwe kumene wapita ndi nthawi yobwerera. Adye, agone, ndipo usiku akambirane ndi anzake zimene zamlemera mumtima, popeza wokumba matope ndi kutulutsamo ana sabwerera kunyumba monga anapitira, ndipo wobisa bala lotere amalitsanulira pa banja lake kapena m'botolo la mowa. Pa 19 Ogasiti chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira ogwira ntchito imeneyi amene anafera pantchito, tsiku limene mu 2003 bomba linapha anthu 22 pa likulu la United Nations ku Baghdad.

Bwanji munthu kapena mpingo osangonyamula katundu ndi kukagawa okha?

Mutu umodzi susenza denga. Aliyense akayenda yekha, msasa wa m'mbali mwa msewu wa tala umalandira mabulangete katatu, pamene wa kuseri kwa phiri sunaone ngakhale chidebe. Kuno kwathu ntchitoyi imatsogoleredwa ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DoDMA, kudzera kwa bwanamkubwa wa boma lililonse ndi makomiti a m'madera ndi a m'midzi, ndipo mabungwe amakhala m'magulu monga a zaumoyo, a madzi, a chakudya, a pogona ndi a chitetezo, dongosolo limene mabungwe a dziko lapansi anagwirizana mu 2005. Wanzeru amayamba wafunsa kumene kukusowa, nanena chimene wachita, ndipo sachita nsanje dzina lake likapanda kutchulidwa.

Kodi luso lonseli munthu amaliphunzira kuti, ndipo liti?

Makomo ndi ambiri. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa anthu odzipereka chithandizo choyamba. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a kasamalidwe ka ngozi. Ndipo namwino, mmisiri wa mijigo, wowerengera ndalama, mphunzitsi ndi woyendetsa bwato aliyense ali kale ndi chimene msasa umachifuna, akangowonjezerapo mwambo wa ntchitoyi. Koma tisaiwale kuti ku Chilobwe oyamba kukumba anali anansi ndi makasu awo, ndipo ku Chigwa cha Shire oyamba kutsitsa anthu m'mitengo amakhala asodzi ndi mabwato awo, galimoto za mabungwe zisanafike. Chotero luso likafika m'mudzi, kwa komiti imene imamvera za nyengo pa wailesi, imadziwa msinkhu wa mtsinje woyenera kuimbira mluzu, ndipo inapangana kale kumtunda kothawira ndi amene adzanyamule agogo akuti, pamenepo lafika pamalo pake penipeni.

Lamulo lathu loyamba la za ngozi linadza mu 1991, napolo atasesa kale midzi ya ku Phalombe, ndipo latsopano linadza mu 2023, Freddy atadutsa. Takhala anthu ophunzira maliro atachitika. Yosefe anamanga nkhokwe za Aigupto m'zaka za mwanaalirenji, njala isanaoneke n'komwe, ndipo nzeru yake ndiyo ikutiyenera. Inu amene mtima ukukutumani kudzatumikira m'Januwale, yambani kuphunzira m'chilimwe: kalembetseni maphunziro a chithandizo choyamba, kadziwaneni ndi komiti ya m'mudzi mwanu ndi mlangizi wa zaumoyo, phunzirani kusambira, kuyeza mkono wa mwana ndi kusunga kaundula woona, kuti tsiku loipa likadzafika, ovutika adzalandire kwa inu thandizo lokwana, loperekedwa mwachilungamo ndi mwaulemu.